Mauta Awiri ku Randburg

Makatoni anafika Lachiwiri, mvula ya matalala itangokata,
awiri, aatali ngati mabokosi a maliro a ana.
Bwana Labuschagne anandiponyera mpeni:
"Fanuwelo, tsegula. Iwe uli ndi manja ofatsa."

Woyamba kutuluka unandiopsa.
Wakuda bii, wopanikiza mapewa,
timawilo tiwiri kunsonga,
nsinga zitatu zopiringizana,
thako la mfuti, ndi kagalasi koonera patali.
Uta wanji wokhala ndi diso lakelake?
Ndinaununkhiza: girizi, ndi fungo la m'sitima yapamadzi.

Wachiwiri unatuluka mokakamira,
nyanga zake zitakola m'katoni,
wotambalala ngati nkhunzi pakhomo la khola,
nsinga imodzi basi, utoto wa masamba ouma.
Lwazi wa pakauntala anaseka:
"Uwu ndi wa madala."

Kunsi kwa shopu kuli chipinda chachitali
momwe nswala ya siponji imaima chaka chonse,
nthiti zibowo zokhazokha, maso osaphethira.
Ndinaponda chitsulo, ndinakoka chingwe.
Wakuda uja unabwera mofewa, mwaulemu,
ngati munthu wodzakongola ndalama.
Khethe! Chala chisanamalize kuganiza
muvi unali kale m'nswala, mpaka nthenga.
Sindinauone ukupita.
Ndinamva ngati andibera kanthu m'thumba.

Wanyanga uja unafuna msana wanga wonse.
Unandikumbutsa matumba a anyezi
amene ndinasenza ku City Deep chaka changa choyamba.
Polira unaliradi, phwaa!
mpaka fumbi linayoyoka kudenga,
ndipo muvi ndinauona ukuwerama pang'ono m'njira
ngati ukupereka moni kwa apongozi.
Unalasa chikhatho chimodzi pansi pa unzake.

Bwana anati: "Uti?"
Mitengo inali pa timapepala.
Wakudawo, lendi yanga ya miyezi isanu ndi iwiri ku Rosettenville;
winawo, inayi ndi theka.
Ndinati wakudawo ndi wachangu, sukola m'zitsamba,
koma nsinga ikaduka uli kutchire
umafuna makina, umafuna risiti,
umafuna ubwerere nawo m'tauni ukaupepese.
Winawo umaumanga wekha pansi pa mtengo
ndi kachingwe ka m'thumba.
Anagwedeza mutu, n'kulemba m'buku
ngati mawuwo anali ake.

Loweruka kunabwera dokotala wa mano wa ku Northcliff
ndi mwana wake wamkazi wotafuna chingamu.
"Wopha bwino ndi uti?"
Ndinafuna kumuuza za amalume a Chikadza ku Bawi
ndi uta wawo wansungwi wakuda ndi thukuta,
amene ankati kulasa n'kwa aliyense,
ulenje umayamba potsata magazi pa udzu,
dontho apa, dontho uko,
mpaka mdima ukulande mapazi a nyama
ubwerere kunyumba wopanda mawu.
Koma Chingerezi changa chimathera pa mitengo ya katundu.
Ndinaloza wakuda. Anatulutsa khadi.

Mtsikana anatsalira kunsi kuja,
akusisita nswala pakhosi,
akulowetsa chala m'chibowo chimodzichimodzi
ngati akuwerenga.
Bambo ake anachita kumuitana kawiri.

Madzulo pa Bree, pamzere wa takisi,
vani ya apolisi inadutsa pang'onopang'ono, yosalira,
galasi lakutsogolo lili pululu,
ndipo dzanja langa linapita lokha pathumba la pasipoti.
Ndinaima chilili, maso osaphethira,
mpaka inakhota.
Mayi wogulitsa chimanga chootcha anandifunsa ngati ndikudwala.

Wanyanga uja ukadali pakhoma.
Makasitomala amaunyamula, amauyesa paphewa,
amati ndi waukulu, sukwana m'buti.
M'mawa uliwonse ndimaupukuta fumbi,
ndimapaka phula pansinga,
kenako, Lwazi akayang'ana kumbali,
ndimatembenuza kapepala ka mtengo
kuti kayang'ane kukhoma.